Makalabu a alimi, tiyeni tikaone minda ya khofi

Abale anga a kuno ku Chipata, pali ulendo wina umene ambiri amati ndi wa azungu: kukwera kumapiri tsiku lathunthu, wokutsogolerani ali patsogolo, kukaona momwe amalimira khofi. Ine ndikuti ulendo umenewu ndi woyenera ife alimi a nshawa kuposa mlendo wongobwera kudzajambula zithunzi.

Khofi wa Arabica amafuna malo okwera ndi ozizira. Kuno ku Zambia minda yaikulu ili cha ku Kasama, wina ku Munali pafupi ndi Mazabuka, ndipo konseko n'kutali. Koma tsidya la malire a pa Mwami, kumapiri a Ntchisi ku Malawi, alimi ang'onoang'ono amalima khofi pansi pa bungwe la Mzuzu Coffee, limodzi ndi anzawo a ku Misuku ndi Phoka. A ku Ntchisiwo ndi Achewa anzathu, sipafunika womasulira. Kunyamuka m'bandakucha n'kubwerako usiku, n'kotopetsa koma kumatheka.

Mtengo wa khofi umatha zaka zitatu kapena zinayi usanayambe kubereka. Ukabereka, wothyola sapulula nthambi yonse ayi. Amasankha zipatso zofiira zokha, zosapsa n'kuzisiya, ndipo adzabweranso pamtengo womwewo kangapo. Tsiku lomwelo amazithira m'madzi, zoyandama n'kuchotsa, kenaka makina amasenda khungu. Njerezo amazisiya kuti zisase pang'ono, n'kuzitsuka, n'kuziyanika pa thandala, osati pansi. Amazitembenuza tsiku ndi tsiku kwa milungu pafupifupi iwiri, uku akutola zoipa ndi manja. Makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso amangotulutsa kilogalamu imodzi ya njere zouma.

Tsono taganizani za nshawa zathu. Timayanika padothi, mame akagwa zimanyowa, ena amachita kuwaza madzi kuti zifewe poswa, mwinanso kuti thumba lilemere pa sikelo. Chuku chimalowa pamenepo, ndipo ndicho chimatitsekera misika yabwino. Pamapeto pake mavenda amabwera pakhomo n'kutchula okha mtengo, ife n'kumangodandaula. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa nthaka yathu ya kum'mawa kuno ndiyo imadziwika ndi nshawa m'dziko muno. Alangizi akhala akunena zimenezi pamisonkhano, inde, koma kumva n'kwina. Mayi akaona ndi maso mayi mnzake ataimirira pa thandala kusankha njere imodziimodzi, n'kumva kuti khofi wa giredi yapamwamba ali ndi mtengo wake, safunanso womuuza.

Wokutsogolerani akhale mlimi weniweni kapena mlangizi wa pamalopo, asakhale wongoloweza mawu okondweretsa alendo. Mufunseni zovuta: ndalama zimabwera liti akapereka khofi ku kopaletivi, matenda a masamba amathana nawo bwanji, wothyola amalandira zingati. Ndipo mumulipire bwino, wasiya munda wake tsiku lonse chifukwa cha inu.

Sindikunena kuti tizule chimanga tibzale khofi. Ngati wina akufuna kuyesa m'mapiri athuwa, ayambe wafunsa akatswiri a kumalo ofufuzira zaulimi a Msekera.

Nthawi yabwino ndi Juni kapena Julayi, pamene akuthyola, ifenso tili titakolola. Apampando a makalabu ndi magulu a banki ya m'mudzi, ikani nkhaniyi pamsonkhano wotsatira, musonkherane ya minibasi, ndipo amayi akhale ambiri m'galimotomo popeza ndiwo amaswa ndi kusankha nshawa.