Nthambo nazonso zimaulula zinsinsi

Tikamakamba za chitetezo cha makompyuta, aliyense amathamangira ku mapasiwedi ndi antivirus. Ine nkhawa yanga ili pa nthambo, zija timangozimanga mtolo umodzi n'kuzikankhira kuseri kwa desiki.

Uthenga umayenda m'waya wa kopa ngati magetsi, ndipo magetsi akamasinthasintha amatulutsa mphamvu ya maginito mozungulira wayayo. Waya wogundana naye amatolako kamphamvu kameneko. Akatswiri amati crosstalk. Amene munagwiritsapo ntchito mafoni akale a m'nyumba mukukumbukira kumva mawu a anthu ena chapansipansi mukucheza ndi mnzanu. Tinkangoti laini yasokonekera. Komatu ngati inu munkawamva mwangozi, wina akhoza kukumverani inuyo mwadala.

Vutoli ndi lakale. Mu 1881 Alexander Graham Bell analembetsa luso lopota mawaya awiriawiri pofuna kuchepetsa kusokonezanaku, ndipo n'chifukwa chake nthambo ya netiweki ili ndi timawaya 8 topotedwa tiwiritiwiri. Woika nthambo akamasula kupotanako kwambiri polumikiza pulagi, chitetezocho chachepa. Pa nthambo za netiweki za mtundu wa Cat5e malamulo salola kumasula kupitirira mamilimita 13. Ndi angati mwa ife amene anayang'anapo zimenezi ntchito itatha?

Chimene chinandidzidzimutsa ine ndi kafukufuku wa 2017 wa ku University of Adelaide ku Australia. Ofufuzawo anayesa makompyuta ndi tizipangizo togawira mapoti a USB, ndipo zoposa 90 pa 100 zilizonse zinkadonthetsera uthenga wa poti imodzi ku poti yoyandikana nayo. Anakonza kanyale ka USB kooneka ngati choseweretsa, n'kukalowetsa pa poti yoyandikana ndi ya kiyibodi, ndipo kankawerenga zonse zimene munthu akulemba. Palibe virus, palibe kuthyola pasiwedi. Antivirus yanu siingaone kanthu, chifukwa palibe chalowa m'kompyutamo.

Asilikali anazindikira kalekale. M'malamulo awo a TEMPEST, nthambo zonyamula uthenga wosabisidwa (wosasandutsidwa zilembo zachinsinsi) amazitcha zofiira, zonyamula wobisidwa zakuda, ndipo amazitalikitsa.

Sindikunena kuti ofesi iliyonse ikhale ngati ya asilikali ayi. Koma pamene pamadutsa zinsinsi za odwala kapena ndalama za anthu, woika nthambo tisamamusankhe pongoona kutchipa. Uthenga ubisidwe usanalowe m'waya, nthambo zikhale zokutidwa ndi chitsulo kapena za fiber, zomwe zimanyamula kuwala osati magetsi. Ndipo mlendo akandipempha kutchaja foni yake pa kompyuta yanga ya ntchito, ndimamulozera soketi ya pakhoma.