Kompyuta sidziwa A B C, ndiye muwauze ana

Ndakwiya ndipo sindibisa.

Dzulo madzulo mwana wa mlongo wanga wafika kunyumba nkhope ili ndwii. Akuphunzira kulemba mapulogalamu pa kasukulu kena ka makompyuta muno mu Chipata, dzina sinditchula. Ntchito yake inali ya ongoyamba kumene: maina a anzake a m'kalasi awandandalike motsata alifabeti pogwiritsa ntchito Python, chinenero cholembera mapulogalamu. Walemba, wadina, kompyuta n'kutulutsa Daka, Mwale, Phiri, Tembo, Zulu, kenako banda pansi penipeni. Aphunzitsi kungoona, "walakwitsa, kalembenso." Mwana kufunsa kuti ndalakwitsa pati, akuti "B amabwera pambuyo pa Z? Ku giredi wani unapitako iwe?" Kalasi yonse kufa nako kuseka.

"Amalume, mwina mutu wanga si wa makompyuta." Mawu amenewa ndi amene andiyatsa moto.

Mwanayu sanalakwe kanthu. Kompyuta sidziwa alifabeti. Ndibwereze: sidziwa A B C, imadziwa manambala basi. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo izi zinakhazikitsidwa kalekale mu ASCII, mndandanda wa zilembo ndi manambala ake, m'zaka za m'ma 1960, aphunzitsiwo asanabadwe n'komwe. A wamkulu ndi 65, Z wamkulu ndi 90. Zilembo zazing'ono zimayambira pa 97. Ndinatsegula laputopu batire ili kumapeto, magetsi atapita monga mwa masiku onse, n'kumuuza alembe ord("Z"). Yatulutsa 90. Alembe ord("b"). Yatulutsa 98. Ndamufunsa, 90 ndi 98 woyamba ndani? Mwana maso tong'oo, "ndiye Zulu ndi woyambadi!" Wina analemba banda ndi b wamng'ono, nkhani yonse ndi imeneyo. Mphindi zisanu sizinakwane.

Mphindi zisanu! Zimene aphunzitsi analephera kumupatsa, koma nthawi yomuseketsa kwa anzake anaipeza.

Ndamuonetsanso mmene imafananizira: imatenga chilembo choyamba cha dzina ili ndi choyamba cha linalo, zikafanana imasunthira pa chachiwiri, mpaka ipeze pomwe zasiyana. Mwale ndi Mwanza, M ndi M, w ndi w, a ndi a, kenako l ndi n. Chilembo l chaching'ono ndi 108, n ndi 110, Mwale wapambana, zotsalazo siziyang'ananso. Mankhwala ake ndi mzere umodzi, sorted(maina, key=str.lower), kuti poyerekeza zilembo zonse zikhale zazing'ono. Komatu mzerewo kungomupatsa mwana osamuuza chifukwa chake, mwamuphunzitsa kukopera, si kuganiza.

Amati safunsa anadya phula. Uyu wafunsa, ndipo mwamudyetsabe phulalo.

Mwina aphunzitsiwo nawo sanauzidwe, mwina malipiro ndi ochepa, kaya. Zimenezo si mlandu wa mwana. Ngati simudziwa chifukwa chomwe Zulu wakwerera pamwamba pa banda, nenani kuti tiyeni tifufuze limodzi. Osati kunyoza. Chilembo ndi nambala, auzeni ana tsiku loyamba. Chilembo ndi nambala. Ngakhale mpata umene mumasiya podina batani lalitali lija uli ndi nambala, 32, n'chifukwa chake dzina loyamba ndi mpata limalumpha onse n'kukakhala pamwamba ngati mfumu pa Nc'wala.

Ndipo maina athu kuno kum'mawa ali ndi msampha wina umene zitsanzo za John ndi Mary sizingakuonetseni. Tengani Ng'oma. Kachizindikiro kapakati pa g ndi o kaja kakakhala koongoka ndi 39, dzinalo limabwera patsogolo pa Ngoma. Kakakhala kopindika, kamene pulogalamu yolembera ya Word imakonda kuika yokha, ndi 8217, dzina lomwelo limakagwera kumbuyo kwa Ngwira. Munthu mmodzi, malo awiri. Ndiye mumve ku maofesi akukuuzani kuti dzina lanu palibe pa mndandanda, mwakwera njinga kuchoka ku Kapata pachabe, pamene lilipo, langokhala pomwe sakuyang'ana.

Nanga za ndalama zomwe mlongo wanga amalipira mwezi ndi mwezi? Amagulitsa tomato ndi repu pa Saturday Market kuti mwana akagwire kompyuta, kukafika uko ana asanu kompyuta imodzi, kiyibodi yake batani la Shift lofa. Lofa! Ndiye banda akanalemba bwanji ndi B wamkulu?