Zosinthana matupi aku Philippines amazitha, koma pali pomwe amandibowa

Anthu amati mafilimu aku Philippines ndi zolira zokhazokha, mwana wosowa, mayi opeza ankhanza, koma pa zoseketsa zosinthana matupi ine ndimati Here Comes the Bride yotsogoleredwa ndi Chris Martinez, ya 2010 ija, palibe oyifika. Anthu ali pa ulendo opita ku ukwati, kadamsana wagwira dzuwa, magalimoto aombana pa malo otchedwa Magnetic Hill, podzidzimuka mzimu wa aliyense uli m'thupi la mnzake. Ndipo si awiri ayi, ndi anthu 5, moti ukangodzuka kukatunga madzi akumwa wasokonekera basi, sudziwanso kuti uyu ndi ndani.

Ambiri amaseka Angelica Panganiban, mkwatibwi amene thupi lake lalowedwa ndi mzimu wa mwamuna wina okongoletsa anthu, gawo lomwe anasewera John Lapus, ndipo zoona mtsikanayu anasewera, kayendedwe, kaponyedwe ka maso, John Lapus yemweyo ndithu. Koma ine pomwe pamandigwira ndi pa mlezi wa mwana, amene kwawoko amati yaya, kupezeka m'thupi la agogo achuma. Munthu ozolowera kutumidwa, kudya ena atamaliza, lero akumupatsa ulemu chifukwa cha khungu lomwe wavala basi, mtima ndi omwewo. Winanso ozolowera kulamula wagwera m'thupi la wantchito, akuyankhula palibe omumvera. Apa ndiye pali nkhani, chifukwa ku Philippines nyumba zambiri za opeza bwino zimayendera ma yaya amenewa.

Zomwe zimandibowa ndi zija zongoti mwamuna wadzuka ali mkazi, kenako filimu yonse ndi kuyenda mopeperuka pa nsapato za gogoda ndi kudabwa ndi bra. Woke Up Like This ya 2017 ya Vhong Navarro ndi Lovi Poe ndinaseka poyamba, mkatikati nthabwala inali yomweyo yomweyo.

Martinez anabweranso mu 2023 ndi Here Comes the Groom, banja lina kusinthana matupi ndi ma drag queen (asangalatsi ovala ndi kudzikongoletsa mwachikazi pa steji), ndipo KaladKaren, mmodzi mwa osewera mufilimuyi, anatenga mphoto ya Best Supporting Actress pa Summer Metro Manila Film Festival, mkazi wa transgender oyamba kuiwina. Eugene Domingo, yemwe anaseweranso mu ya 2010 ija, analimonso, mayi ameneyo ngakhale angokhala chete ine ndimaseka. Komabe mukandifunsa yoyambira kuonera, ndikuuzani ya 2010, tsutsani mu ma komenti.