Chitsime cha ku dimba chasanduka potsukira sipuleya

Loweruka ndinapita kwathu ku Mitundu kukaona amayi, ndinawapeza ku dimba akuthirira tomato. Zimene ndinaona pachitsime chathu zikundivutitsabe mumtima mpaka lero. Mnyamata wa dimba loyandikana nalo atamaliza kupopera mbewu zake, anadzatsuka sipuleya pakamwa penipeni pa chitsime, madzi otuwa ngati mkaka aja akuyenderera kubwerera m'dzenje. Posakhalitsa mwana wa achemwali anga anatunga momwemo ndi chigubu chodula n'kumwa. Nditakuwa, amayi anati, "Mwanawe, madziwa ndi oyera, takhala tikumwa chibadwire."

Abale anga, kuyera kwa m'maso kwatipusitsa nthawi yaitali. Chitsime chokumba ndi khasu m'dambo, chakuya mamita atatu kapena anayi, chimamwa chilichonse chimene mvula yakokolola: ndowe za m'khola, zotuluka m'chimbudzi, Urea wa m'mizere. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Kuyambira pamenepo ambiri tinazolowera kuthira klorini kapena WaterGuard m'ndowa, ndipo alangizi a zaumoyo ndimawathokoza pa ntchito imeneyi. Koma klorini amapha tizilombo basi, sachotsa mankhwala opopera. Ngakhale mutawiritsa madziwo mpaka nkhuni zithe, feteleza amene walowamo satuluka.

Ndiye ine ndikuti titeteze chitsimecho, tisamangodikira mjigo umene sitidziwa tsiku lake. Njerwa timaumba tokha. Khoma lofika m'mawondo, simenti pozungulira, chivundikiro, kangalande kotaya madzi kutali, mpanda woti mbuzi zisafike. Ndowa yotungira ikhale imodzi, yopachika pamtengo, osati aliyense kuviika yake imene yakhala pamatope. Chimbudzi ndi khola zikhale kumunsi, mamita osachepera 30 kuchoka pachitsime.

Mafumu athu amatha kulipitsa nkhuku munthu wopanda chimbudzi. Nanga wotsukira mankhwala pamadzi akumwa ana amusiyiranji? Amfumu akwathu ndawauza kale zimenezi mwaulemu, ndipo alonjeza kuitanitsa eni madimba. Mwezi ukatha ndikubwererako ndi matumba awiri a simenti, amalume avomera kumanga.