Mayi wogulitsa tomato simumutsinzinitsa pamsika

Zomwe zachitika pa Limbuli ku Mulanje tsiku la msika zandinyansa, ndipo ndilankhula. Mnyamata wa tayi, Baibulo kukhwapa, waima kutsogolo kwa mayi wogulitsa tomato 8 koloko m'mawa, msika uli pakati. Moni palibe. Wangoyamba ndi "Mayi, mutafa lero mukalowera kuti?" Ogula atatu aima, adikira, apita kwa woyandikana naye. Kenako akuti tsinzinani tipemphere. Mayi uja, poopa kuoneka wokana Mulungu, watsinzina. Potsegula maso, mulu umodzi wa tomato palibe, kansalu komangamo ndalama zosintha kapitanso. Mlaliki wathu anali atafika kale kwa ogulitsa usipa.

Abale, kulalikira kwa munthu amene simukumudziwa ndi kucheza. Kucheza! Munthu wadzuka 3 koloko usiku, wasenza dengu kapena walipira kabaza, wadula chiphaso cha msika, ndiye inu mudzamutsekere malonda m'dzina la Yesu? Mwina ena amakutumani osakuphunzitsani, kaya. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi yake ilipo. M'mawa mpaka cha m'ma 11 ndi nthawi ya ndalama, musiyeni munthu agulitse. Pitani cha m'ma 2 kapena 3 masana, katundu atachepa, anthu akuwerengera zomwe apeza. Yendani awiriawiri monga Ambuye anatumira ophunzira aja pa Luka 10, ndipo zimakhala bwino mmodzi akhale mayi. Amayi alankhule ndi amayi anzawo. Mwamuna kunjuta pafupi ndi mkazi wa mwini mphindi makumi awiri, n'kumupemphanso nambala ya foni, mwayatsa moto womwe ukayake kunyumba madzulo inu mulibe.

Mukafika perekani moni wa anthu: "Mwaswera bwanji mayi, malonda akuyenda?" Njutani kapena khalani pansi, chammbali, osati kutsogolo kwa katundu. Ngati muli ndi kangachepe, gulani mulu umodzi. Nenani dzina lanu ndi mpingo wanu, ndipo mufunse ngati ali ndi mpata. Akati ayi, thokozani, nyamukani. Wogula akabwera, dulani mawu pomwepo ngakhale muli pakati pa vesi. Vesi likhale limodzi, mphindi zisapitirire khumi. Pemphero likhale lalifupi, maso ali otsegula, kapena mnzanu uja ayang'anire katundu. Pamsika pali akuba, izi aliyense amadziwa kupatula alaliki.

Ndipo funsani kaye! Yesu pachitsime cha Yakobo anayamba ndi kupempha madzi akumwa. Filipo anayamba ndi kufunsa mdindo wa ku Etiopia ngati akumva zomwe akuwerenga. Inu mukuyamba ndi gehena. Kuno ku Mulanje ndi Thyolo uthenga si wachilendo. Mulanje Mission ilipo kuchokera kalekale, Malamulo ku Makwasa ilipo kuyambira 1902. Mayi amene mukumuopseza ndi moto uja mwina ndi wa Mvano, wa Dorika kapena wa kwaya ya Katolika, ndipo Baibulo amalidziwa kuposa inu. Mukanafunsa kuti "mumapemphera kuti?" mukanamva kuti vuto lake ndi mwana amene akudwala kapena ngongole ya banki m'khonde, ndipo mukanadziwa chopempherera. Akakhala Msilamu, chezani naye mwaulemu, kunyoza chipembedzo chake sikunatembenuzepo munthu. Womvetsera ndiye amalalikira. Wongolakatula zomwe analoweza akudzilalikira yekha.

Timapepala tanuto nato. Pa Limbuli pamabwera anthu ambiri ochokera ku Mozambique, kudzera pa Muloza. Ena kusukulu anaphunzira Chipwitikizi, agogo ena amamasuka m'Chilomwe, ena kuwerenga sadziwa koma sangakuuzeni. Inu mukugawa kapepala ka Chingerezi. Madzulo mukapeza akulungira mtedza mudzati anthu ndi ouma mitima. Funsani ngati alipo wowawerengera kunyumba, ndipo kumbuyo kwake lembani mpingo wapafupi ndi mudzi wawo ndi nthawi ya mapemphero. Munthu wa ku Thekerani kumuitanira ku tchalitchi cha ku Limbe, thiransipoti mumulipirira ndinu?

Zomwezi zimachitika pa Bvumbwe, pa Luchenza, ngakhale pa Chonde nthawi ya Mulhako: kukuwa, kukoka anthu dzanja, osamva dzina la munthu ndi mmodzi yemwe.

China chondiwawa ndi zithunzi. Mumajambula mayi wosauka atagwada pafupi ndi dengu lake, osamupempha, madzulo chili pa WhatsApp ndi Facebook kuti "tapulumutsa miyoyo yambiri lero." Miyoyo yake iti? Tchulani mayina atatu ndi midzi yawo. Sabata yamawa abwerereko ndani? Ndipo tomato wa mayi uja alipira ndani?