Asiyeni mabuku amenewa azitha bwino

Ndikufuna kunena za mabuku aja a nkhani zachikondi cha akazi okhaokha, amene amachitikira m'ndale za upulezidenti: wina akupikisana pa masankho, mnzakeyo ndi mtolankhani, mlonda wake kapena womuyendetsera kampeni. Anzanga owerenga muno mu Lusaka agawanika. Onena kuti ndi tchimo alipo, koma ambiri a iwo sanatsegule n'komwe bukulo, ndiye pa za bukulo tilibe chokambirana. Amene akundiwawitsa mtima ndi aja owerenga mpaka tsamba lomaliza, kenako n'kumati ndi bodza: chinsinsi chingaululike bwanji, mayiyo n'kuima pamaso pa makamera atagwira dzanja la mkazi mnzake, anthu n'kumuvoterabe?

N'zoona kuti ku America, kumene nkhani zambirizi zimachitikira, ngakhale mkazi wokwatiwa ndi mwamuna sanakhalepo pulezidenti. Hillary Clinton anagwa mu 2016, Kamala Harris mu 2024. Koma kwina zinachitika. Jóhanna Sigurðardóttir anali nduna yaikulu ya Iceland kuyambira 2009 mpaka 2013, ndipo anakwatirana ndi mkazi mnzake mu 2010 ali pampando. Serbia, dziko logwiritsitsa tchalitchi ndi miyambo, inapatsa Ana Brnabić udindo womwewo mu 2017.

Komabe mtima wanga suli pamenepo. Abale anga, taganizirani amene akuwerenga mabukuwa kuno. Chigawo 158 cha Penal Code, lamulo lathu la milandu, chimaletsa zachiwerewere za amuna okhaokha; chichisinthireni mu 2005, chimatchulanso akazi okhaokha, ndipo chilango chake ndi zaka 7 mpaka 14 m'ndende. Mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15 pa mlandu wogonana amuna okhaokha. Kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula chigamulocho, nkhani inakula mpaka anachoka m'dziko muno, ndipo awiriwo anatuluka mu May 2020 a Edgar Lungu atakhululukira akaidi ambiri. Mtsikana wa ku Chawama kapena ku Mtendere amene akuwerenga buku lotere m'minibasi, atachepetsa kuwala kwa foni kuti woyandikana naye asaone, zonsezi amazidziwa kuposa inu ndi ine. Amadziwa kuti nkhani za anthu onga iye zimathera kupolisi, kupirikitsidwa panyumba, kumapemphero otulutsa ziwanda, kapena m'banja lomukakamiza azakhali. Sakusowa buku loti limuphunzitse mmene dziko lilili. Akusowa malo amodzi okha kumene mkazi wonga iye amakondedwa poyera, n'kugona usiku wopanda mantha. Inu mukufuna mumulande ngakhale pamenepo?

Ndipo chilungamo chikhalepo. Timakhala usiku ndi usiku pa TV kuonera mtsikana wantchito akukwatiwa ndi mwana wa mpondamatiki, palibe amene amaimirira kuti ndi bodza. Nkhani yachikondi imalonjeza wowerenga kuti awiriwo adzakhala limodzi pamapeto, ndipo n'chifukwa chake timaigula. Lonjezo lomwelo likaperekedwa kwa akazi awiri, mwadzidzidzi tonse tasanduka akatswiri a ndale.

Pamene ndikugwirizana ndi odandaula ndi pa ndale zenizenizo. Olemba ambiri amazithamangira. Mdani amakhala woipa basi, chipani chimangokhululuka, kulankhula kumodzi kokoma kwatembenuza dziko lonse. Ife amene taona akazi akulimbana ndi ndale za kuno timadziwa kulemera kwake. A Gwendoline Konie ndi a Inonge Mbikusita-Lewanika anaima pa upulezidenti mu 2001. A Edith Nawakwi anaima mu 2011, 2015 ndi 2016. Pamwamba pamene mkazi wafikapo ndi pa wachiwiri kwa pulezidenti: a Inonge Wina mu 2015, a Mutale Nalumango mu 2021. Mkazi akangoima, ngakhale pa ukhansala, funso loyamba limakhala lakuti mwamuna wake ali kuti, osati mfundo zake. Ndimalakalaka wina atalemba nkhani yotere yolunjika ku Plot One, kunyumba ya pulezidenti wathu, mokhala makada, zitenge zachipani, mabishopu m'dziko limene a Chiluba analitcha lachikhristu mu 1991, alangizi, ndi amalume ofunsa za malowolo. Ingakhale yowawa kwambiri kuposa za ku Washington zija, ndipo ndingakonde kuti nayonso ithe bwino.

Wina ayesapo kale pafupi pompa. Filimu ya ku Kenya yotchedwa Rafiki, ya Wanuri Kahiu, ndi ya atsikana awiri okondana amene abambo awo akupikisana pa masankho a m'dera lawo. Bungwe loona za mafilimu m'dzikolo linailetsa mu 2018, ndipo khoti linangolola kuti ionetsedwe masiku 7 okha. Kahiu ananena poyera kuti bungwelo linamuuza asinthe mapeto ake chifukwa anali opatsa chiyembekezo kwambiri, iye n'kukana. Anzanga amene mukuti mabukuwa azitha ndi misozi kuti akhale oona, mukupempha zomwezo zimene bungwe lija linapempha, ndipo ine sindili nanu.