Agalu a ku Zambia ndi chuku cha m'nkhokwe mwathu

Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, idalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya zakudya zopangidwa ndi chimanga cha chuku. Boma lidatapa ufa m'makampani ogaya kukaupima, ndipo pafupifupi theka la zomwe lidapima zidapezeka ndi poizoni wa aflatoxin wopyola muyezo. Ufa wina adauchotsa m'masitolo.

Chaka chomwecho chilala chidatikantha tonse, ndipo chimanga chozunzika ndi dzuwa ndicho chimagwidwa msanga ndi nkhungu yobala poizoniyu. Ndiye musaganize kuti chuku chidaima pa chipata cha Mwami, m'malire a Zambia ndi Malawi, kudikira chidindo. Kusiyana kwathu kuli pa kagayidwe. Munthu wa ku Lusaka kapena Kitwe amagula thumba la makilogalamu 25 la ufa wa breakfast kapena roller meal, lolembedwa dzina la kampani. Poizoni akapezeka, boma limadziwa khomo logogoda. Kuno ambiri timatapa m'nkhokwe kapena kugula ndowa kwa venda, n'kusenza ulendo wa kuchigayo. Apime ndani? A Malawi Bureau of Standards sangafike pa lichero lililonse.

Chomwe chimatiteteza, mosadziwa ife eni, ndi manja a amayi. Kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kutaya madzi aja, kuyanika: zonsezi zimachotsa gawo lalikulu la poizoni, ndipo ufa woyera umatuluka uli bwinoko kuposa chimanga chomwe chidalowa mumtondo. Koma poizoniyo sangozimirira, wambiri amatsalira m'gaga. Gagayo timapatsa nkhuku ndi ng'ombe, ndipo ng'ombe imatibwezera mumkaka. Chaka cha njala gaga yemweyo amalowa mumphika. Azaumoyo amatilimbikitsa mgaiwa chifukwa cha zakudya zake, sakunama ayi, koma mgaiwa wa chimanga chosasankha umagaya zonse pamodzi. Moto nawo suthandiza. Nsima ipse chotani, poizoni ali momwemo, akudya chiwindi pang'onopang'ono ndi kupinimbiritsa ana.

Maiko a kumpoto kwathu adaphunzira ndi maliro. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 adafa, ambiri a ku Makueni ndi Kitui, atadya chimanga cholima okha chomwe chidasungidwa chisanaume. Ku Tanzania mu 2016 anthu 20 adafa m'zigawo za Dodoma ndi Manyara. Mu Malichi 2021 Kenya idafika poletsa chimanga cha ku Tanzania ndi Uganda kulowa m'dziko mwake. Lero maiko awiriwa amapanga okha Aflasafe, Kenya ku Katumani, Tanzania ku Arusha. Aflasafe ndi njere za mapira zokutidwa ndi nkhungu yosabala poizoni. Mlimi amawaza m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu zisanachite maluwa, nkhungu yabwinoyo n'kulanda malo a yoipa. Bungwe lofufuza za ulimi la IITA lidakonzanso mtundu wina wa Malawi ndi Mozambique pamodzi, wotchedwa MWMZ01. Koma kaufunseni m'sitolo ya zaulimi ya kumudzi, kawirikawiri adzakuonetsani mankhwala a anankafumbwe.

Pa mtedza ndiye sitingalozane chala. Mchinji ndi Chipata ndi pachibale, ngakhale pa zoipa. Timawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, ena amawazanso kuti ulemere pa sikelo, kenako m'thumba n'kumanga. Chuku sichifunanso china. Kale Chalimbana wathu ankapita ku Ulaya wambirimbiri kudzera ku ADMARC. Lero maiko a EU salola mtedza wodya wokhala ndi aflatoxin wopyola 4 ppb (magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi), ndipo alimi a NASFAM a ku Mchinji adalowanso pamsikawo pokhapokha atayamba kusankha ndi kupima mosamala. Njira ilipo: kukumba pa nthawi yake, kuunjika mulu wa Mandela kuti mphepo izipita pakati, kuyanika pa mkeka osati pa dothi, kusunga m'makoko mpaka tsiku logulitsa.

Chondiwawa ine ndi chimene chimachitika pambuyo pa kusankhako. Wonenepa, wosalala, umapita kwa ogula. Wonyala, wosweka, wowawa uja umatsala pakhomo poti kutaya n'kulakwa, mayi n'kuusinja. Nsinjiro zake zimathera m'nkhwani ndi m'phala la mwana wa miyezi 8. Ku Zambia agalu adafa motsatizana, nduna idaimirira n'kuyankhula. Mwana wa m'phala uja amangokula mochedwa, ndipo kusikelo amangolemba kuti sakukwera.